Gologolo ndi Wezulo ya Pakati pa Bwalo

Padangokhala, ndipo khalani nane mpaka ndimalize, masiku amene nyama zinkasewera mpira, padali Gologolo.

Gologolo ankagwira ntchito ya m'mbali mwa bwalo. Anzake a ntchito imeneyi ankanyamula mbendera, koma iye ankangokweza mchira wake waubweya uja, woyimbira akauona n'kuliza wezulo. Oyimbira adalipo ambiri nthawi imeneyo. Mkulu wawo adali a Nungu, ndipo ndiwo ankasunga wezulo yaikulu ya mpikisano wa chikho cha Mfumu Njovu. Wopatsidwa wezulo imeneyi ankaimbira pakati, ndipo ulemu wonse unkapita kwa iye. Mpira ukatha ankamukhazika pampando n'kumupatsa chipanda choyamba cha thobwa, amayi akumuimbira nthungululu. Wa m'mbali ankamwa zotsalira pansi pa mtsuko, ali chiimire.

Zimenezi zinkamuwawa Gologolo. Koma chinkamuwawa koposa ndi pakamwa pa mkazi wake Nachanza, amene ankagulitsa mtedza wokazinga pabwalopo.

"Mwawaona a Gwape lero?" adatero Nachanza tsiku lina akubwerera kunyumba. A Gwape ndiwo ankaimbira pakati chaka chimenecho. "Kuthamanga kwake! Mpira uli uko, iwo afikako kale. Akangoloza chala, ngakhale a Njati amabwerera m'mbuyo."

"Ine sunandione?"

"Ndakuonani mchira."

"Nanga mtedza uja wawathirira wodzaza manja unali wa chiyani?"

"Munthu wagwira ntchito, bambo. Ndiwamane mtedza?"

Kutacha Gologolo adapita kwa a Nungu.

"Bwana, ndakhala m'mbali mpaka mchira wayamba imvi. Ndipatseniko pakati."

"Mzere ndi wautali, a Gologolo," adatero a Nungu. "Pali a Gwape, pali mayi Nkhanga, pali a Nthiwatiwa, ndipo kumbuyo kwawo kuli enanso ambiri. Maso muli nawo, sindikukana. Koma msinkhu wanuwu mungaone chiyani pakati pa nyama zikuluzikulu zija?"

"Nanga mzerewo ukafupika?"

"Ukadzafupika tidzaona."

Gologolo adatuluka akuwatafuna mawu amenewo ngati chimanga chokazinga. Sadapite kunyumba. Adalunjika kwa Nyani, woimba ng'oma wa ochemerera. Nyani adalibe timu yakeyake. Ng'oma yake inkapita kumene kuli phokoso lambiri, ndipo gulu linkatsata ng'omayo.

"Achimwene, ndili ndi nkhani, koma musanditchule," adatero Gologolo. "Dzulo ndawaona a Gwape akutuluka kwa a Mbidzi, mimba ili ndendende, mtolo wa msipu uli pamutu. Mawa a Mbidziwo akusewera ndi a Nguluwe."

"Zoona zimenezo, aphwanga?"

"Ndikanama ndipindula chiyani? Ndapekanso kanyimbo. Imvani, mwina kangakuthandizeni."

Idali nyimbo yaifupi koma yokoma kuvina. Woyambitsa ankafunsa kumene woyimbira wadya, gulu n'kuyankha kuti wadya konsekonse ndipo maso wawaiwala m'mbale. Kumapeto kudali malo oikapo dzina, kenaka onse n'kuomba m'manja, kuponda pansi ndi kuloza. Nyani adaiyesa pang'oma, mapewa ake adayamba okha kugwedezeka.

Tsiku la masewero a Nguluwe adamwetsa chigoli chabwinobwino mpira uli pafupi kutha. Gologolo adakweza mchira kuti njo! Gwape atauona adaliza wezulo n'kukana chigolicho. A Nguluwe adathamangira kumbali, ndipo adapeza Gologolo atakhala pansi akukanda mchira wake.

"Mwakwezeranji mchira?"

"Ine? Ndimaingitsa ntchentche. Chigoli chija ine ndachiona, n'chabwino. Funsani a pakati."

Gwape adafika ali wefuwefu. "A Gologolo, si inu mwandiuza kuti wolowetsa uja anali atatsogola?"

"Achimwene, mwini wezulo ndinu. Ine ndine wa m'mbali chabe."

Pomwepo ng'oma idalira. Nyani adafunsa funso lake, gulu lidayankha, dzina la Gwape lidalowa pamalo pake ngati adachita kuliyezera. Kudayamba kugwa zitsononkho, kenaka zibuma, kenaka miyala. Mwala wina udamupeza Gwape pabondo. Adathawa motsimphina, nyimbo ikumutsata kumbuyo. M'mawa mwake adakapereka wezulo kwa a Nungu.

"Miyendo iyi ndi yolimira ana anga, bwana. Pezani wina."

N'chifukwa chake mpaka lero gwape akamva phokoso la gulu amayamba wathawa, kufunsa pambuyo.

Gologolo adadzuka tsiku limenelo ali ndi njala yabwino. Koma adapeza Nachanza akuthira phala la mawere m'mbale n'kuvundikira.

"Phala limenelo likupita kuti?"

"Kwa a Gwape. Bondo latupa, sakutha n'kudzuka komwe."

"Inenso mchira ukundiwawa. Ndaukweza dzulo lonse."

"Uikeni pansi, upola."

Nachanza adasenza mbale n'kumapita. Gologolo adatsala akuyang'ana mphika wokokotedwa, nsanje ikumutafuna kuposa njala. Adathamangira kwa a Nungu kuti mwina kumeneko kukhala kwabwino, koma adakumana ndi mayi Nkhanga pachipata, wezulo ikulendewera pakhosi pawo.

"Mwaswera bwanji, a Gologolo? Loweruka tili limodzi. Mundithandize bwino kumbaliko."

"Musadandaule, mayi," adatero Gologolo akumwetulira mano okhaokha. "Koma wezuloyo mwaitsuka? Muli malovu a munthu watsoka mmenemo. Bweretsani ndikakutsukireni."

Mayi Nkhanga adathokoza n'kumupatsa. Gologolo adaitsukadi, koma atatha adatenga kaulimbo kakang'ono n'kukamata mkati, pafupi ndi kanjere kamene kamaliritsa wezulo. Ulimbo ukazizira umakhala phee. Umadikira dzuwa ndi mpweya wotentha.

Loweruka a Njati adakumana ndi a Fisi. Chigawo choyamba wezulo idalira bwino, ndipo mayi Nkhanga adauyendetsa mpira mpaka ochemerera adaiwala kuti kuli nyimbo. Gologolo ankamva mawu a Nachanza kuchokera pa lichero lake la mtedza: "Eee, amayi! Aonetseni!" Chigawo chachiwiri dzuwa lidakula. Mnyamata wa a Njati adalowa ndi mpira pafupi ndi golo, Fisi wina adamuluma mwendo aliyense akuona. Penate yosachita kufunsa. Mayi Nkhanga adaika wezulo pakamwa n'kuuzira. Idangoti fuu. Adauziranso. Fuu. Adataya wezulo n'kuyamba kukuwa ndi pakamwa, koma phokoso la bwalo lidameza mawu awo. A Fisi adatola mpira, adathamanga nawo, adakamwetsa mbali inayo.

Gologolo adasendera kwa Nyani.

"Mwaona? A Fisi adawalonjeza kuti sadzawadyera anapiye."

Ng'oma idalira. Ulendo uno gulu silidadikire kuti Nyani afunse kawiri. Dzina la Nkhanga lidalowa pamalo paja, manja adaomba, mapazi adaponda, ndipo pofika poloza nyama zidali kale m'bwalo. Mayi Nkhanga sadathawe. Adaima pakati akukuwabe kuti ndi penate, ndi penate, koma palibe adamva. Adawagwira n'kuwazula nthenga za kumutu mpaka padatsala khungu lokha. Nthengazo sizidamerenso, ndipo mukamva nkhanga ikukuwa mawu amodzimodzi osalekeza, ikunenabe chigamulo chake chija.

Sabata imeneyo kunyumba kwa a Nungu kudachuluka alendo. Nkhwali, wa m'mbali mnzake wa Gologolo, adabweza mbendera yake, akuti mayi ake akudwala. Mbira adati wayamba kumva msana. Kanyimbi sadanene n'chifukwa chomwe, adangoponya mbendera pakhonde n'kutembenuka. Gologolo ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku akuona mulu wa mbendera ukukula, mtima wake ukuvina.

Kunyumba kokha ndiko kunkamusowetsa mtendere. Nachanza tsopano ankapita kwa mayi Nkhanga ndi mafuta a nsatsi okawadzoza pamutu.

"Mayi uja ndi munthu," adatero atabwerako. "Kuima pakati pa nyanga zonse zija osasuntha! Amuna ena anali kumbali, mchira uli pansi."

"Ndiye kuti dazi lakenso ukulisirira?"

"Dazi lake lili ndi mbiri. Ubweya wanuwo uli ndi mbiri yanji?"

Gologolo adatuluka panja n'kukaluma mtengo wa nkhokwe.

A Nungu adapereka wezulo kwa a Nthiwatiwa. Apa Gologolo adakumana ndi zovuta. Atapempha kuti akaitsuke, a Nthiwatiwa adati amatsuka okha. Pamasewero atakweza mchira pachabe, a Nthiwatiwa adangopinda khosi lawo lalitali, kuyang'ana okha, n'kukupiza phiko kuti mpira upitirire. Nyimbo idaimbidwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma iwo ankathamanga motsata ng'omayo ngati akuwavinira. Zitsononkho zinkangowamenya m'nthenga n'kugwa. Miyala sinkafika kumutu. Mpira utatha adakhala pampando, adamwa chipanda chawo cha thobwa pang'onopang'ono, ndipo nthungululu yoyamba idachokera kwa Nachanza.

Gologolo adamwa zotsalira zake ali chiimire. Zidamuwawa ngati ndulu.

"Ameneyu watikanika, aphwanga," adatero Nyani akupukuta thukuta. "Mutu uli kumwamba, khungu n'lolimba."

"Mutu uli kumwamba, inde," adatero Gologolo. "Koma kunyumba kwake kuli mazira. Mazira amakhala pansi."

Adangonena zokhazo. Masewero otsatira atatha, mbali yogonja sidabalalike. Idatsata ng'oma mpaka kunyumba kwa a Nthiwatiwa, ndipo Gologolo adatsatira chapatali n'kukwera pampanda kuti aone. Nyimbo idali itakula. Idali ndi ndime zina zimene iye sadapeke, zotukwana miyendo ya mkazi wa a Nthiwatiwa, zina zotchula ana amene adali asanabadwe n'komwe. Mayiyo adali atafungatira mazira ake, akunjenjemera. Gulu lidazungulira likuponda pansi, likuyandikira, likuyandikirabe. Mayiyo adadzidzimuka n'kuimirira, dzira limodzi lidagubuduka, ndipo Nguluwe wina wovina chobwerera m'mbuyo adaliponda. Lidangoti phwa.

Ng'oma idaleka. Nyama zidayang'anana, kenaka zidayamba kuchoka imodziimodzi, iliyonse ikuti sindine.

Gologolo adatsika pampanda. Sadafune zimenezi, adadziuza yekha, iye adangotchula mazira. Adayenda pang'ono akuganiza za mayi uja. Atayendanso pang'ono adayamba kuganiza za mzere, kuti tsopano watsala ndani.

A Nthiwatiwa adaika wezulo pamapazi a a Nungu.

"Zanga ndimapirira, bwana. Dzira linalakwa chiyani?"

Adasamuka ndi banja lonse kupita kutali kumene kulibe bwalo. Oyimbira ndi onyamula mbendera amene adali atatsala adamva za dzira lija, ndipo onse adabweza zida zawo tsiku lomwelo.

Masewero omaliza a chikho adali pakati pa a Njati ndi a Mvuu. A Nungu adayenda khomo ndi khomo, kulikonse ankawatsekera chitseko. Pomaliza adafika kwa Gologolo. Gologolo adawaona akubwera ndipo adakhala dala pampando, mwendo pamwamba pa unzake.

"Odi, a Gologolo."

"Lowani, bwana. Mwasochera?"

"Mzere uja wafupika," adatero a Nungu, mawu ali otopa. "Mwatsala nokha. Wa m'mbali ndilibe woti ndikupatseni, ngakhale mmodzi. Mukakana sindikudandaulani."

"Ndikane? Bweretsani."

A Nungu atachoka, Gologolo adavala wezulo pakhosi n'kuyamba kuyendayenda pakhomo. Chingwe chidali chachitali, wezulo inkakwekwereka pansi, koma iye adachimanga mfundo. Nachanza adamuyang'ana, misozi ili m'maso.

"Bambo, bwezani chinthu chimenecho. A Nthiwatiwa ndi msinkhu wonse uja alephera. Inu akakupondani kamodzi tikatola chiyani?"

"Akanakhala Gwape ukanaimba nthungululu."

"Ndikulira chifukwa ndinu mwamuna wanga."

"Ukulira chifukwa ulibenso womuthirira mtedza wako m'manja. Ukonze phala la mawere, mawa likhala langa."

Komabe Gologolo sadali wopusa. Adapita kwa Nyani.

"Achimwene, mawa woyimbira pakati ndine. Nyimbo ija muisiye kunyumba."

Nyani adaseka. "Ndiisiye bwanji, aphwanga? Masiku ano amayamba okha, ine ndimangotsatira ndi ng'oma. Ngakhale ana akuimbira amayi awo akawagawira ndiwo zochepa."

Gologolo adakanda mutu. Kenaka adapita kwa Njati, mtsogoleri wa timu, n'kumunong'oneza kuti mtima wake uli kwa a Njati, bola amuteteze gulu likayamba zake.

"Mukatiimbira bwino palibe akukhudzeni," adatero Njati.

Atachoka kumeneko adapita kwa Mvuu n'kunena mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi.

"Mukatiimbira bwino mudzabisala kumbuyo kwanga," adatero Mvuu.

Nzeru yake idali yakuti pasapezeke womwetsa chigoli. Dzuwa likalowa Mfumu Njovu adzati agawane chikho, aliyense apite kwawo osakwiya kwambiri, iye akhale pampando amwe thobwa lake.

Tsiku lidafika, bwalo lidadzaza. Gologolo adalowa pakati n'kuliza wezulo, ndipo nyama zonse zikuluzikulu zidayamba kuthamanga chifukwa cha mpweya wake. Adamva kukoma kumene sadakumvepo chibadwire. Adayang'ana kumene kumakhala lichero la mtedza. Nachanza adalipo, koma adaphimba nkhope ndi chitenje.

A Njati adamwetsa chigoli. Gologolo adaliza wezulo n'kukana.

"Chavuta n'chiyani?" adabangula Njati.

"Khalani chete," adanong'ona Gologolo. "Ndikuwapusitsa a Mvuu kuti asatikayikire. Chanu chenicheni chikubwera."

A Mvuu adamwetsa chawo. Gologolo adakananso.

"Si zimene tinapangana!" adatero Mvuu.

"Musakweze mawu. Ndikavomera msanga a Njati adziwa. Chanu ndakusungirani kumapeto."

Adakana chachitatu, adakana chachinayi. Nyimbo idayamba mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, Nyani asanakhudze n'komwe ng'oma. Dzina la Gologolo lidalowa pamalo paja, ndipo lidagwirizana ndi kaimbidwe kake kuposa maina onse am'mbuyo. Ngakhale mantha adali atamugwira, Gologolo adanyada pang'ono kumva bwalo lonse likutchula iye. Gwape sadaimbiridwe mokweza chonchi.

Dzuwa litapendeka, mnyamata wa a Njati adaumenya mpira mwamphamvu. Udagunda mtengo wopingasa wa golo, udagwera pansi, udadumpha n'kutuluka. A Njati adakuwa kuti walowa. A Mvuu adakuwa kuti sunadutse mzere. Gologolo nthawi imeneyo adali kumbuyo kwa matako a Mvuu wina wotchinga, ndipo chimene adaona ndi matakowo basi. Adayang'ana kumbali iyi, kudalibe mbendera. Adayang'ana kumbali inayo, kudalibe mchira.

Matimu onse adamuzungulira. Pamwamba pake padali nyanga ndi mano okhaokha.

"Ichi ndiye chathu chija munalonjeza," adatero Njati.

"Analonjeza inu?" adatero Mvuu. "Analonjeza ife!"

Njati ndi Mvuu adayang'anana. Kenaka onse awiri adayang'ana pansi, pamene padali Gologolo.

"Akuluakulu, musathamange magazi," adatero Gologolo, mawu akutuluka ang'onoang'ono. "Nkhani ya malonjezo tikamba. Choyamba tione za chigoli. Mpira ukagunda mtengo umasiya chizindikiro. Ngati chili chamkati, walowa. Ngati chili chakunja, sunalowe. Ndikwezeni ndikaone."

Mvuu adamunyamula ndi mphuno n'kumuika pamtengo wopingasa. Gologolo adayenda uku ndi uku, akununkhiza, akugwedeza mutu ngati sing'anga.

"Zizindikiro zilipo ziwiri, china chamkati, china chakunja. Ndikufuna mpira weniweniwo ndiyerekeze. Amene akudziwa kuti akunena zoona andipatsire ndi manja ake."

Matimu onse adaugwera mpira nthawi imodzi. Fumbi lidakwera. Nyanga ya wina idauboola, udangoti phuu. Mmene ankadzutsa mitu, pamtengo wa golo padalibe munthu. Gologolo adali atadumphira pamkuyu wa kuseri kwa golo, ali pansonga penipeni. Ali komweko adaliza wezulo kautali.

"Mpira watha!" adakuwa. "Palibe wapambana!"

Miyala idauluka koma sidamufike. Zitasowa womugenda, mbali ziwirizo zidayamba kugendana zokha, osewera adayamba kugundana, ndipo padalibe woti alize kanthu kuti aleke. Mfumu Njovu adalowa m'bwalo yekha, adalekanitsa Njati ndi Mvuu ndi chitamba, kenaka adamugwira Nyani pakhosi n'kumukweza m'mwamba pamodzi ndi ng'oma yake.

"Nyimbo yatithera oyimbira imeneyi unaitenga kuti?"

Nyani sadathe kulankhula. Adangoloza pamkuyu. Atamutsitsa adaulula zonse, za msipu wa a Mbidzi, za anapiye a mayi Nkhanga, za mazira. Bwalo lonse lidamva. Mfumu Njovu adatenga chikho chake n'kubwerera nacho kunyumba osanena kuti chidzabweranso liti.

Nyama zitabalalika, Nachanza adafika patsinde pa mkuyu, lichero lili pamutu.

"Za mazira zija ndi zoona?"

"Ine ndinangotchula," adatero Gologolo kuchokera m'masamba. "Koma wandiona lero? Bwalo lonse limathamanga ndikaliza. Gwape wako anakanapo zigoli zinayi tsiku limodzi?"

Nachanza adakonza nkhata yake bwino.

"Ndikupita kwa amayi. Makiyi ali pansi pa mtondo."

Gologolo adakhala mumtengomo, chifukwa pansi padali ambiri omudikira. Ankadya nkhuyu, wezulo ili pakhosi. Nyengo ya mpira itafikanso adaona a Nungu akubwera pang'onopang'ono, ndipo adaigwira wezulo ndi manja onse awiri.

"Ndadziwa chimene mwabwerera!" adakuwa a Nungu asanapereke n'moni womwe. "Mukufuna mukapatse wina. Ndani? Gwape wachira? Sindipereka! Ndinaivutikira ndekha!"

A Nungu adakhala pansi n'kupumira m'mwamba.

"Isungeni, a Gologolo. Ndayenda dziko lonse, ndapempha akulu, ndapempha achinyamata. Ena ndawalonjeza zipanda ziwiri za thobwa. Palibe akuifuna. Ndimangodutsa kudzaona bwaloli, a Nguluwe apempha kuti alimepo chinangwa."

"Palibe ngakhale mmodzi?"

"Ngakhale mmodzi."

"Koma pali amene amandisirira, eti? Akamadutsa apa amayang'ana m'mwamba."

"Amayang'ana nkhuyu," adatero a Nungu, n'kudzuka kumapita.

Gologolo adaiyang'ana wezulo ija nthawi yaitali. Adaitembenuza uku, adaitembenuza uku. Kachinthu kakang'ono, kochita dzimbiri m'mbali. Adaivula pakhosi n'kuiponya pansi.

Idagwera panjira penipeni. Mbidzi adadutsa, adailambalala. Fisi, amene sasiya kanthu panjira, adainunkhiza n'kupitirira. Ana a Njati adaiona, mayi awo adawakoka makutu kuti asayandikire. Gologolo ankaonerera zonsezi ali panthambi, akudziuza kuti alibe nayonso ntchito.

Kenaka kudabwera Nyerere mmodzi, wosadziwa za mpira, wongofuna pobisala dzuwa. Adaizungulira wezulo, adaima pakamwa pake, adalowetsa mutu.

Gologolo adatsika mtengo ngati mphezi.

"Choka apo! Ndi yanga!"

Adaitsomphola, adayang'ana uku ndi uku, n'kuthawira nayo m'mwamba.

Ndiye mukadzaona gologolo atatsika mumtengo mothamanga, n'kutola kanthu kosaoneka bwino, kukagwira ndi manja awiri pachifuwa akuyang'ana mbali zonse, musadzavutike kumuthamangitsa. Palibe akufuna kumulanda, koma iye sadziwa.

Yanga yathera pamenepa. Amene watsala ndi mawu akanene kwawo.